Chitseko Chakhungu cha a Chisoti

Pafakitale yopanga mabotolo pomwe ankagwira ntchito, dzina lawo lenileni linatsala m'mafayilo mokha. Aliyense ankawatchula kuti a Chisoti. Udindo wawo unali woonetsetsa kuti anthu asavulale pantchito, ndipo munthu akangolowa mufakitale mutu uli pamtunda, mawu ankamveka kuchokera kutsidya la makina: "Chisoti chili kuti?" Ankatha kuimitsa ntchito yonse chifukwa cha waya mmodzi wosupuka. Ngakhale abwana aakulu ankawabweza pakhomo akavala nsapato zoterera. Koma kalipentala wodziwa, kunyumba kwake amakhalira chidebe.

Kunyumbako kunali galaja yokhala ndi chitseko choyendera magetsi. Ukadina kabatani pakhoma kapena pa rimoti, chitseko chinkakwera chokha n'kukagona kudenga, ukadinanso, chinkatsika. M'munsi mwa mafelemu, uku ndi uku, munali timaso tiwiri toyang'anizana. Kanthu kakadutsa pakati pake chitseko chikutsika, chinkaima n'kubwerera m'mwamba.

Tsiku lina m'mawa, potulutsa galimoto cham'mbuyo, a Chisoti anagunda kachitsulo kogwira diso limodzi n'kukathyola. Disolo linayamba kuyang'ana kumbali ngati mkwatibwi wamanyazi, ndipo chitseko chinakaniratu kutseka. Poopa kuchedwa, bamboyo anazula timaso tonse tiwiri, natikulunga pamodzi ndi tepi titayang'anizana, n'kutipachika pamtanda wakudenga. Chitseko chinatseka bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo timasoto tinkangoonana tokhatokha, za pansi pano osazilabadira.

"N'zongoyembekezera izi," anauza akazi awo uku akupukuta m'manja. "Mawa ndikonza."

Akazi awowo anali mphunzitsi wa masamu, ndipo atakhala nawo m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ankadziwa kuti mawa la amuna awo silipezeka pakalendala. Chimene chinkawadetsa nkhawa chinali galu. Mwana wawo wamkazi popita kukoleji anawasiyira galu wathupi lalitali koma miyendo ifupiifupi, moti anthu anangomutcha Benchi. Nyumba yonseyo, malo amene Benchi anasankha kuti ndi ake anali pakhomo pa galaja, pamzere weniweni pomwe chitseko chimatera, chifukwa simenti ya pamenepo ndiyo inkayamba kufunda dzuwa likatuluka.

Patatha sabata, mayiyo anaitana mmisiri wa zitseko, bambo wochepa thupi ndiponso wochepa mawu. Mmisiri anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, n'kukanda pachibwano.

"Timasoti malo ake ndi pansi, bambo, osapitirira chikhatho chimodzi kuchokera pasimenti," anatero. "Galu wanuyu ndi wamfupi. Ngakhale mutatiika m'bondo, angadutse kunsi osaonedwa. Nanga poti mwatiika kudenga, mukufuna tiziwerenga akangaude? Komanso mota uyu wachuluka mphamvu. Amayenera kuti akangokhudza kanthu abwerere. Ndi ntchito ya theka la ola, zida ndili nazo m'galimoto."

A Chisoti anamva ngati awaponda chala pagulu. "Achimwene, zachitetezo ndiye ntchito yanga. Anthu mazana atatu amabwerera kwawo ndi zala zokwanira chifukwa cha ine. Ka chitseko aka ndikonza ndekha Loweruka."

Mmisiri anasisita Benchi pamutu ngati munthu amene akutsanzika wodwala, napita.

Loweruka loyamba kunagwa mvula. Loweruka lachiwiri kunali mpira pa wailesi yakanema. Loweruka lachitatu sipanala inali kwa aneba, ndipo kukaitenga kukanaoneka ngati kuwakayikira. Loweruka lachinayi a Chisoti anafika mpaka potsitsa makwerero, kenako anakumbukira kuti makwererowo sanayenderedwe chaka chino, ndipo iwo sakanakwera chinthu chosayenderedwa.

Mayi, pokhala mphunzitsi, anaganiza zophunzitsa ndi chitsanzo. Anatenga dzungu lalikulu kukhitchini, naliika pamalo ogona Benchi, n'kuitana amuna awo. Atadina kabatani, chitseko chinatsika mwaulemu wake, chinafika padzungu, ndipo sichinafunse n'komwe. Linangomveka phwa! Nthanga zina zinakamatirira pagalasi la galimoto.

"Mwaona, bambo?"

"Ndaona. Dzungulo linali lakupsa kwambiri."

"Nanga Benchi ndi wamuwisi?"

"Galu ali ndi miyendo, mayi. Dzungu lilibe. Musamayerekeze zinthu zosiyana, inu a masamu mukudziwa. Komabe mawa ndiziona."

Miyendo Benchi anali nayodi, koma mchira wake unkafika mochedwa kulikonse kumene mutu wapita. Lachitatu lotsatira chitseko chinapana nsonga ya mchirawo. Kulira kwake kunatulutsa anthu m'nyumba zinayi. Dokotala wa ziweto anasoka, anamanga bandeji, n'kumuveka kolala yapulasitiki yooneka ngati chimkuzamawu kuti asamanyambite bala. Powapatsa galuyo, dokotala anayang'ana a Chisoti pamwamba pa magalasi.

"Lero ndi mchira. Chikanatera pamsana, bwenzi tikukamba zina."

Madzulo ake mwana wawo anaimba foni, ndipo mayi anaiika pathebulo kuti onse amve. "Adadi, ndinakusiyirani galu wathunthu. Ndikufuna ndidzamupeze wathunthu."

Apa a Chisoti zinawakhudza ndithu, poti galuyo ankamukonda mobisa. Ndi iwo amene ankamugwetsera tizidutswa ta nyama kunsi kwa thebulo. Analonjeza ndi mtima wonse. Kungoti Lachisanu kunali msonkhano waukulu wa mafakitale onse a m'dera lawo, ndipo iwo ndiwo anasankhidwa kukakamba za kupewa ngozi. Zokakambazo zinafunika kukonzekera. Chitseko chikanadikira mpaka msonkhano utadutsa.

Lachisanu linafika. Mayi analawirira kusukulu ndi galimoto, rimoti ili momwemo. M'nyumba munatsala a Chisoti ndi apongozi awo, mayi a akazi awo, amene anabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso ndipo ankadikira magalasi atsopano. Makutu awonso anali atayamba kusankha zomva. A Chisoti anavala suti yakuda ndi tayi yofiira, nalowa mugalaja kukatenga mapepala amene anawasiya pashelefu. Minibasi ya kuntchito inali itatsala pang'ono kufika kudzawatenga.

Anachita zomwe anazolowera: kudina kabatani pakhoma la mkati, n'kuthamanga kuti atuluke chitseko chisanatsike. Koma Benchi, poona bwana wake akuthamanga, anayesa ndi masewera. Anadumphira kutsogolo, kolala yake inakodwa pakona ya felemu, ndipo anaima njo pamzere uja, akupalasa simenti osasuntha. Chitseko chinali chitafika kale m'chiuno mwa munthu.

Tinene zoona, pamenepa a Chisoti sanazengereze. Anataya mapepala, anadziponya chafufumimba, n'kukankhira galu kunja ndi manja onse awiri. Benchi anagubudukira pakapinga ali bwinobwino. Chitseko chinapeza kuti pamalo pa galu pali munthu, ndipo kwa icho zinali chimodzimodzi.

Chinawapulumutsa ndi chitini cha penti woyera chimene chinali m'mphepete mwa khomo chiyambire chaka chatha, kudikira kuti achichotse mawa. Chitseko chinatera pachitinicho, chinachifinya mpaka theka, chivindikiro chinafwamphuka, ndipo mota atabuula kanthawi ananunkha chiwaya chopserera n'kuzima. Mpata umene unatsala unali wochepera pang'ono kuposa a Chisoti. Anapanikizika m'chiuno: mutu ndi tayi kunja, miyendo mkati, penti akuyenda pang'onopang'ono kulowa m'jekete.

Minibasi itaima pageti, abwana aakulu, dalaivala ndi kapitawo wa makina anapeza theka la munthu litagona pakhomo, galu akulinyambita kumaso, kolala itaphimba mitu yonse iwiri. Abwana anagwada pambali.

"A Chisoti, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino pang'ono, bwana. Kaya inu?"

"Ife tadzuka. Mukupuma?"

"Ndikupuma mosinthana ndi kulankhula."

Amuna atatuwo anagwira chitseko kuti achikweze, koma mkono wa mota unali utachikhoma. A Chisoti anafotokoza, mawu akutuluka amodziamodzi, kuti mkati muli chingwe chofiira chimene ukachikoka chitseko chimamasuka ku mota. Kungoti chingwecho anachikulunga m'mwamba chifukwa chinkakanda denga la galimoto. Makiyi a nyumba anali m'thumba la thalauza lawo, mbali imene inatsala mkati mwa galaja.

Akufotokoza choncho, nkhope yawo inasintha mwadzidzidzi. Maso anatong'oka, pakamwa panatseguka, thupi linanjanja. Kenako linanjanjanso.

"Ndi magetsi?" anafunsa kapitawo akubwerera m'mbuyo.

Sanali magetsi. Apongozi anali atamva chiphokoso, nalowa mugalaja kudzera kukhitchini. Mumdima wa chitseko chotseka, ndi maso odikira magalasi, anaona miyendo iwiri ikupalasa kunsi kwa chitseko. Anamvetsa nkhani yonse nthawi yomweyo: wakuba akuthawa. Pafupi panali mopu wa mtengo wolimba.

"Lero wakumana nazo," mawu awo ankamveka kudzera pampata, mopu akugwira ntchito. "Nyumba zonsezi, wasankha ya mpongozi wanga? Ukumudziwa iwe? Munthu wa chitetezo ameneyo. Akakupeza udzalira."

"Amayi, ndine!"

"Amayi ako ndani? Ine sindinabereke wakuba."

Dalaivala anagona pansi, naika pakamwa pampata, n'kufuula kuti agogo aleke, ameneyo si wakuba. Mopu anaima.

"Nanga eni nyumba ali kuti?"

"Ndi omwewo, agogo. Amene mukuwamenyawo."

Kenako a Chisoti anamva manja akutsitsa bwinobwino miyendo ya thalauza lawo imene inakwinyikira m'mawondo, n'kuwaveka nsapato imene inavuka.

"Pepani, bambo," anatero apongozi motsitsa mawu. "Mbali inoyi sindinakuzolowereni."

Panatenga nthawi kuti amvane za chingwe. Dalaivala akati chofiira, apongozi ankabweretsa ndowa yofiira. Akati m'mwamba, ankafunsa ngati akunena za kumwamba kwenikweni, ngati zafika poipa chotero. Pomaliza anatenga ambulera, nakola chingwe ndi chogwirira chake chopindika, n'kukoka ndi thupi lonse. Kunamveka khetche. Amuna atatu aja anakweza, koma njanji ya chitseko inali itapindika, ndipo chinangokwera mpaka m'bondo n'kukana.

Panalibe njira ina. Aneba atadzaza pampanda, ana asukulu ataima pamsewu, a Chisoti anatuluka chokwawa, manja ndi mawondo, mimba yonse yoyera ngati buluzi wagwa mu ufa, tayi ikukwekwereka pansi. Atayesa kuimirira, msana unakana. Anapitiriza kukwawa mpaka pakapinga, Benchi akuyenda pambali pawo, kwa nthawi yoyamba atapeza mnzake wa msinkhu wake.

Abwana anatola mapepala aja, nawerenga mutu wake: Ngozi Sipangana Tsiku. Anawapinda bwino n'kuika m'thumba.

"Pumani, a Chisoti. Kumsonkhano ndikalankhula ndine. Ndingokafotokoza zomwe ndaona, ndipo ndikukhulupirira kuti lero palibe amene akawodzere."

Kuchipatala anapeza kuti palibe fupa lothyoka. Dokotala anangodabwa kuti chitseko chinatha bwanji kusiya mizere yopingasa kumbuyo kwa ntchafu, koma wodwala sanafune kutalikitsa nkhani.

Mmisiri wa zitseko anabwera masana omwewo, ndipo amene anamuimbira foni anali a Chisoti eni ake, atagona chafufumimba pamkeka. Ntchito ya theka la ola inatenga masiku awiri, poti tsopano panafunika njanji ina ndi mota wina. Timaso tinabwerera pansi, chikhatho chimodzi kuchokera pasimenti. Mphamvu ya mota anaichepetsa, naika thabwa pamzere. Chitseko chitangolikhudza chinabwerera m'mwamba ngati chapsa. Anawonjezera kabelu ndi nyale yothwanima kuti zizichenjeza chisanayambe kutsika, ndipo pasanathe masiku atatu Benchi anaphunzira kuti belu likalira, malo ofunda amayamba wawasiya. Chingwe chofiira chinalendewera pomwe dzanja lingafike. Mmisiri analangiza kuti aziyesa chitsekocho ndi thabwalo mwezi uliwonse, ndiponso kuti asamadine kabatani asanaone kumene galu ali.

A Chisoti anamvetsera zonsezo ali pamawondo pambali pa mmisiri, akumupatsira tizitsulo, chifukwa kuimirira kunali kowawa ndipo kukhala pansi kunali kowawa koposa. Sabata yathunthu anayenda choncho kuchoka kuchipinda kupita pabalaza. Apongozi, magalasi awo atafika, ankawapatsa moni mwaulemu wowirikiza, maso ali kumbali.

Madzulo a tsiku lachiwiri la ntchito ya mmisiriyo mayi anaima pakhomo la khitchini, akuyang'ana amuna awo akuwoloka galaja pang'onopang'ono, dzanja kenako bondo.

"Bambo, mpopi wa kubafa ukudontha."

A Chisoti anatsegula pakamwa, liwu lozolowereka litafika kale pamlomo. Analimeza.

"Ndipatseni sipanala, mayi. Ndili kale pansi."

Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.