Miyala ya Chule ndi Tsamba Limodzi la Nanzikambe

Padangokhala, kale nyama zisanaiwale kulemba, m'nkhalango munali sukulu ya akatswiri ofufuza zobisika m'zomera: chimene chimawawitsa muzu, chimene chimapha ndi chimene chimachiritsa. Mkulu wake anali Nungu, ndipo zolembera zonse zinkachokera pamsana pake.

Pasukulupo panali lamulo. Katswiri akapeza kanthu, ankalemba patsamba. Katswiri mnzake akamutchula m'tsamba lake, Nungu ankaponya kamwala m'chipanda cha wotchulidwayo.

Nanzikambe anali ndi tsamba limodzi lokha. Anatha zaka zitatu pa chinangwa chowawa. Ankaviika, n'kulawa madzi ndi nsonga ya lilime, thupi n'kuda bii poizoni akadalimo, n'kuviikanso. Pomaliza analemba mawu ochepa: "Senda, viika masiku asanu, taya madzi." M'chipanda mwake munali timiyala tiwiri, ndipo kamodzi kanagweramo mwangozi.

Koma Chule ankaikira masamba ngati mazira ake omwe. Lolemba tsamba, Lachiwiri tsamba. Anapangananso ndi abale ake a kudambo kuti azitchulana. Wina akati, "Monga ananenera a Chule," dambo lonse linkavomera, "Monga ananenera a Chule." Chipanda chinadzaza, chachiwiri chinadzaza, chachitatu anachita kubwereka.

Tsiku lina Nungu anati, "Ndakalamba, minga yatsala pang'ono kutha pamsana. Loweruka tiwerenga miyala. Wa miyala yambiri atenga mpando wanga. Wa miyala yochepa atuluka m'chisakasa chake chofufuziramo, tisungiremo masamba."

Nanzikambe mtima unamuwawa. M'chisakasamo ndi momwe munali mitsuko yake yonse, ndipo anali atangoyamba kumene kufufuza mpama, chilazi chakutchire chokhala ndi poizoni.

Chule anamupeza panjira. "Achimwene, mwendo umodzi lero, wina mawa, mudzafika liti? Ine za chinangwa chomwecho ndalemba masamba makumi atatu. Kuviika tsiku limodzi kukwana."

"Munalawa?" anafunsa Nanzikambe.

"Kulawa n'kutaya nthawi. Inu onani miyala."

Loweruka linafika, miyala inawerengedwa. Ya Chule inapanga mulu, ya Nanzikambe iwiri yomwe ija. Achule anayamba nyimbo yawo, koma Nanzikambe diso limodzi linali pansi, lina kuchisakasa.

Pamenepo anatulukira Mayi Nguluwe, wophika paphwando la tsikulo, atanyamula mbale ziwiri. "A Nungu, poti lero n'la akatswiri, ndaphika motsata masamba awo. Mbale iyi ndaviika tsiku limodzi, monga ananenera a Chule. Iyi masiku asanu, monga ananenera a Nanzikambe. Aliyense adye ya katswiri wake."

Nyimbo inathera pakhosi. Chule wina anadumphira ku mbale ya Nanzikambe. Wina anadumpha, winanso anadumpha. Mbale ya tsiku limodzi inatsala yokha, ntchentche yomwe osaterapo.

"Inu munawatchula kambirimbiri a Chule," anatero Nungu. "Bwanji simukudya yawo?"

"Ife tinkangotchula, bambo. Kuwerenga ayi."

"Ndiye a Chule, yambani ndinu eni ake."

Chule anayang'ana mbale yake, khosi likutupa, likuphwa. "Ine lero m'mimba simuli bwino," anatero. Koma dzanja lake, lopanda manyazi, linali kale m'mbale ya Nanzikambe. Nyama zinaseka mpaka Nungu anathothoka munga wake womaliza.

Mayi Nguluwe anapukuta misozi ya chiseko. "Ife oviika chinangwa kumtsinje, a Nanzikambe timawatchula tsiku ndi tsiku. Chitulukire tsamba lawo, ana athu sagwanso ndi chizungulire akadya chinangwa. Kungoti ife sitilemba, ndiye miyala yathu siigwa m'chipanda."

Nungu anakhuthulira miyala yonse pansi. "A Nanzikambe, mpando ndi wanu."

"Zikomo, bambo, koma ndi kayendedwe kangaka, pampando ndizifikapo msonkhano utatha. Mungondisiyira chisakasa changa. Mpama ukundidikira."

Anamusiyira. Nanzikambe anasangalala kwabasi, thupi lonse linabiriwira, ndipo anabwerera ku mitsuko yake, mwendo umodzi, kenaka wina. Achule mpaka lero akadali kudambo, akutchulana okhaokha.

Ana inu, munthu musamuyese ndi kuchuluka kwa omutchula dzina, koma muone ngati omutchulawo angadye chimene iye waphika.