Nsomba ya M'chigulumwa cha Nachanza

Kalekale, makolo athu atangotsika kumapiri kudzakhala kuno kuchigwa, m'mudzi mwathu munali mayi wina dzina lake Nachanza. Liuma lake mayi ameneyo! Akati toto, olo mumukoke ndi chingwe, anali toto basi.

Inali nyengo yadzuwa, dambo litauma gwa, litang'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi. Nachanza anakakumba dothi kudamboko kuti azire nyumba yake. Ananyika zigulumwa mumphika, iye n'kupita kunkhuni. Pobwera, mumphika muja muli khuvukhuvu. Kusuzumira, nsomba! Yaitali ngati njoka, yamoyo ndithu.

Nanga nsomba imatuluka m'dothi louma? Inu mukanati chiyani? Anthu akumapiri aja ankangodziwa kuti nsomba ndi ya mumtsinje.

Tsono Thombozi, bambo wa nyumba yoyandikana nayo, mwana wake ankadwala. Bamboyo atangoiona nsombayo anakuwa: "Ndi chimenechi chikundidyera mwana! Mayi uyu akuweta chinthu mumphika. Amwe mwavi!"

Mwavi, ana inu, sikunali kusewera. Ukasanza, ulibe mlandu. Ukapanda kusanza, akukuika m'manda ndi dzina la mfiti. Mnyamata wina anathamanga kukaitana wopondera mwavi kutsidya.

Malume ake a Nachanza anamunyengerera: "Ingomwa, mwana wa mlongo wanga. Ngati mtima wako uli woyera, usanza."

"Malume, sindimwa," anatero Nachanza. "Inenso sindikudziwa kuti yalowamo bwanji. Koma kumene kwachokera imodzi kuli inzake. Ndipatseni khasu."

Anthu anaseka. Kukawedza ndi khasu? Anamulondola kuti asathawe, n'kukhala pamthunzi. Iye pakati pa dambo, dzuwa lili paliwombo. Anakumba apa, palibe. Anakumba apo, palibe. Mantha anali nawo, musaganize kuti analibe. Matuza m'manja anaphulika, mpini unafiira. Koma anakumbabe, anakumbabe.

Dzuwa litapendeka, uthenga unafika woti wopondera mwavi waoloka kale mtsinje. Pamenepo ndi pamene Nachanza anaona kabowo kakang'ono padothi, koti chala chimodzi n'kulowa. Anakumba mozungulira kabowoko, n'kuzula chigulumwa chathunthu. Sanachiswe ayi. Anakachiika pamapazi pa Thombozi.

"Bambo, iswani nokha. Ndikaswa ine mudzati ndaikamo."

Thombozi anamenya ndi chibonga. Mkati muja nsomba ili phee, yadzipinda mchira kumutu, yadzikuta ndi kachikopa kouma. Atathirapo madzi, inayamba kugwedezeka. Anthu onse kukamwa yasa! Imeneyo ndi dowe, imene mukuidya lero lino. Madzi akaphwa imadzikwirira m'matope, n'kumapumira pakabowo kaja mpaka mvula idzagwe.

Wopondera mwavi anabwerera ndi thumba lake losamasula. Thombozi anaweramitsa mutu, ndipo Nachanza anamuponyera khasu lija: "Kakumbeni ina, mukamuphikire msuzi mwana wanu. Mwaonda nonse kunyumbako."

Mukudziwa chimene sankachidziwa aliyense tsiku limenelo? Nachanza anali ndi pakati pongoyamba kumene. Mwanayo ndiye Chabwera, kholo la ife tonse takhala pano. Akanamvera malume ake, pabwalo pano pakanamera thengo.

Ndiye chifukwa chake kubanja kwathu, munthu akabwera wefuwefu kuti wakutiwakuti ndi mfiti poti kwake kwaoneka zachilendo, sitithamangira kuloza chala. Timamutsamiritsira khasu pakhomo n'kumufunsa kuti, "Kodi mwakumba?"