Ntchito ya ku Beira

A Jeremiya Nyakuipa anali mlembi wa bungwe la alimi a thonje pa Ngabu. M'mawa wina, dzuwa litayamba kale kuwotcha malata a ofesi, anapeza imelo pa kompyuta. Inaonetsa kuti yachokera kwa mlamu wawo Lorenso, yemwe ankagwira ntchito padoko ku Beira. Awiriwa sankalankhulana chikanganirane pa maliro a apongozi.

Imeloyo inati hotela ina ku Beira ikufuna atsikana odziwa Chingerezi, ndipo malo atsala ochepa. Mtima wa a Jeremiya unathamangira kwa mwana wawo Yamiko, amene anakhoza Fomu 4 koma ankangogulitsa mandasi pa siteji. Anayankha pomwepo, natchula dzina la mwanayo ndi zaka zake. Yankho silinachedwe: abwere Lachisanu, mayi wina akamulandira pa chipata cha Marka, m'malire a Mozambiki.

Atafika kunyumba anafotokozera akazi awo, a Nancy, mlongo wake wa Lorenso.

"Bambo a Yamiko, tawaimbirani kaye achimwenewo," anatero a Nancy. "Iwo angalembe kalata yonse osafunsa n'komwe za moyo wanga?"

"Dzina ndi lawo, adiresi ndi yawo, ndaiwerenga chilembo ndi chilembo. Munthu wapepesa m'njira yake, ndiye ine ndikamugwadirenso pa foni? Ndidzayankhula naye mwana akafika."

Foni ya pakhomopo inali imodzi, ndipo inkakhala m'thumba mwa bambo. Lachisanu a Nancy anamumangira Yamiko nsomba zouma zoti akapatse malume ake, namukweza minibasi ya ku Nsanje. Masana mtsikanayo anaimba pa foni ya mayi womulandira uja, mawu ali odzaza ndi chisangalalo: "Ababa, ndafika, tikuwoloka!" Kuyambira tsiku limenelo nambalayo sinagwirenso.

A Jeremiya ankati ndi vuto la netiweki ya ku Mozambiki. Analemba maimelo ofunsa, koma kunali zii. Sabata itatha, a Nancy anabwereka foni kwa mnansi naimbira mchimwene wawo.

"Nkhabe, mlongo, ine sindinalembe kanthu!" anakana Lorenso. "Anzanga ambiri andifunsa za makalata omwewo. Ndi akuba. Amaika dzina langa ndi adiresi yanga pamwamba, monga munthu angalembere dzina la mnzake kuseri kwa envulopu, koma ukayankha, yankholo limapita kwa iwo. Wafunsiranji? Yamiko ali kuti?"

Foni inagwa m'manja mwa a Nancy. Kulira kwawo kunamveka mpaka kumsika.

Apolisi anatenga nkhaniyo, koma pa chipata dzina la Yamiko silinapezeke. Ayenera kuti anamudutsitsa njira ya kutchire. Lorenso anayenda hotela ndi hotela mu Beira chithunzi chili m'manja, osapeza womudziwa. Mvula inagwa, Shire anasefukira, madzi naphwa. A Nancy analongedza katundu wawo mwakachetechete n'kubwerera kwawo ku Chiromo.

A Jeremiya ntchito anaisiya. Masiku ano amapezeka pa Marka, ataonda ngati bango, akuimitsa akabaza ndi amalonda ochokera kutsidya kuti awaonetse chithunzi cha Yamiko chofufuma ndi thukuta. Foni imene anakana kuimba ija amaigwira m'manja tsiku lonse, ndipo ikangolira amathamangira kuiyankha.

Odutsa amapukusa mitu, chifukwa akale ananena kale: safunsa anadya phula.