Kabati ya Felesiya

Kuseri kwa njanji ku Balaka, kumene dzuwa limaotcha mpaka nkhuku kuikira mazira ophikaphika, kunkakhala mkulu wina dzina lake a Welosi Kachingwe. Amene akuseka za mazirazo asekeretu, ana inu, chifukwa kutsogoloku zoseketsa zichepa.

A Kachingwe anagwira ntchito pa siteshoni ya sitima zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo anthu ndiwo ankawafunsa iwo. Sitima ifika nthawi yanji, bambo? Mbuzi zimakwerera khomo liti, bambo? Iwo n'kumayankha, chipewa chili pamphumi. Pakamwa pawo panazolowera kuyankha mpaka panaiwala potulukira funso. Amati tsiku lina anasochera ku Limbe kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, akuzungulira msika umodzimodzi, koma sanaimitse munthu ndi mmodzi yemwe.

Atapuma pantchito, manja anayamba kuyabwa. Anamanga kashedi ka malata anayi kuseri kwa nyumba, patsinde pa bwemba, nakhoma benchi ya miyendo yosalingana. Anapeza sowo, puleni, hamala, sikweya ndi matchizulo awiri, nazipachika chilichonse pa msomali wake. Sikuti ankafuna ganyu ayi. Ankangokonda kupala thabwa ndi kumva fungo la utuchi.

Tsidya la mpanda wa bango kunkakhala Che Ndembo, kalipentala wakalekale amene sukulu anangoionera pawindo. Tsiku loyamba lenilenilo anasuzumira pamwamba pa mpanda.

"Achimwene, sowo yanuyo ikulira ngati mbuzi yomangidwa. Mano ake agona. Bwerani nayo ndikuonetseni kanoledwe."

"Ndi yatsopano, Che Ndembo. Ikuzolowera."

"Chabwino. Koma mukakakamira penapake, khomo langa silitseka. Ntchito iyi ili ndi zinthu zoluma."

"Munthu amene ankaimitsa sitima ndi kansalu angalephere thabwa?" anatero a Kachingwe.

Che Ndembo anaseka, nabwerera ku ntchito yawo.

Koma musaganize kuti a Kachingwe sankafuna kuphunzira. Ankafuna kwambiri, kungoti kuphunzira kwawo kunali kwakuba. Pampanda panali pamene bango linathyoka, ndipo pamenepo ndi pamene panali sukulu yawo. Ankaika diso, n'kumaona mmene mdalayo ankalembera mzere ndi sikweya, mmene ankasemera mano olumikizira matabwa, mmene ankapendekera tchizulo. Anaonanso kuti Che Ndembo amabenthula kaphula ka njuchi pabenchi, n'kukatafuna kuti kafewe, kenako n'kupaka pa sowo kapena kukanikiza ndi chala mu timing'alu ta thabwa. Zonsezi diso linaona. Koma diso limangoona zimene manja akuchita, chifukwa chake silimva.

Mpando wawo woyamba unagwetsa mlendo chagada. Tebulo loyamba linkavina lokha mphepo ikaomba. Koma pang'onopang'ono manja anayamba kumvera, ndipo chaka chisanathe anakhoma chitseko chimene chinkatsekeka popanda kuchimenya ndi phazi.

Ndiye mwana wawo wotsiriza, Felesiya, anapeza banja. Tsiku la chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse ali pamphasa, a Kachingwe anaimirira osaitanidwa.

"Mwana wanga sapita kubanja ndi mbale m'thumba. Kabati ndikhoma ndekha. Ya mbawa, zitseko ziwiri."

Anthu anaomba m'manja. Koma azakhali a mkwati, mayi wa pakamwa posatseka, anaseka kukhosi. "Kabati ya kusiteshoni imeneyo! Tidzaione, apongozi, mwina idzakhala ndi mateyala."

Kuseka kumeneko kunalowa mwa a Kachingwe ngati munga wa pachidendene.

Matabwa anachokera ku mbawa imene inagwa ndi mphepo kumunda kwawo. Atachekedwa, anawaunjika pansi penipeni kuseri kwa shedi, osachotsa ngakhale mbali zoyera za m'mphepete, zimene tizilombo timakonda ngati mwana ndi nzimbe. Akazi awo, Nangondo, anaima ndi kuyang'ana muluwo.

"Bambo a Felesiya, Che Ndembo matabwa awo amasanja m'mwamba, pakati n'kuikapo timitengo. Bwanji osakawafunsa chifukwa chake?"

"Alibe malo pansi. Chifukwa chake n'chimenecho."

Miyezi itatu anagwira ntchito. Kabati inaima, yofiira ngati dothi la katondo, zitseko zake zikutseka mwakachetechete. Lachinayi madzulo anaipukuta komaliza, naizungulira kanayi manja ali kumbuyo. Ukwati unali Loweruka, ndipo akuchimuna anali atanena kuti adzabwera ndi ngolo Lachisanu dzuwa likapendeka kudzaitenga.

Lachisanu mmawa atatsegula shedi, anaona timilu ta ufa wosalala pansi pa kabati. Anawerama. Zitseko zonse ziwiri zinali ndi timabowo ngati tobaya ndi singano. Fumbwe. Ena amati timabowoto tinali mazana anayi, ena amati munthu ukaika khutu unkamva tizilomboto tikuyamika chakudya. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Kachingwe anangokhala pansi mu utuchi.

Pabwalo panali patadzaza kale amayi. Ena akuwaza nkhuni, ena akutakasa thobwa m'migolo, ndipo pakati pawo panali azakhali aja, amene anabwera m'mamawa kudzathandiza ndi kudzaona.

Felesiya analowa m'shedi ndi kapu ya tiyi. Anayang'ana zitseko, nayang'ana bambo ake.

"Ababa, musavutike mtima. Ndiphimba ndi nsalu. Ine ndaikonda momwemo."

"Nsalu? Kuti akaivundukule kwawoko, mudzi wonse useke?"

Nangondo anafika pakhomo, natsitsa mawu kuti akunja asamve. "Pitani kwa Che Ndembo. Kufunsa sikumeta munthu ndevu. Nthawi ikadalipo."

"Ndikudziwa chochita," anatero a Kachingwe.

Ndipo m'mutu mwawo ankadziwadi. Timabowo timatsekedwa ndi phula, anali ataona ndi diso lawo. Chinasowa ndi phulalo basi. Anadikira mpaka masana, pamene Che Ndembo anavala mkanjo wawo kupita kumzikiti monga mwa Lachisanu lililonse. Msewu utangowameza, a Kachingwe anakankha bango, nalowa m'shedi ya eni ake.

Pabenchi panali phula lija, loyera, lili ndi zipsera za mano. Analitenga, naliyang'ana, nalibweza. Loyera pa mbawa yofiira? Kabati ikanaoneka ngati nkhanga. Atakweza maso anaona chitini chitapachikidwa ndi waya kudenga, chivundikiro chake chomangidwa ndi kansanza. Anakwera pabenchi nachitsitsa. M'katimo munali phula lofiirira, mtundu wa mbawa weniweni.

"Ehe! Mdala wochenjera," ananong'ona. "Chabwinocho wabisa m'mwamba."

Tsono imvani, ana inu, chimene pampanda paja sipankaonetsa. Phula la m'chitinilo Che Ndembo ankalisungunula ndi utuchi wa mbawa, n'kuthiramo mankhwala opopera thonje, kuti likalowa m'bowo liphe fumbwe m'nyumba mwake momwe. Ntchito imeneyo ankagwirira kuseri, kutali ndi ana ndi nkhuku. Ankalifewetsa pa supuni pamakala, n'kumalowetsa ndi kamtengo, akatha n'kusamba m'manja ndi phulusa kawiri. N'chifukwa chake linkakhala kudenga.

A Kachingwe anabwerera ndi chitini kukhwapa. Anatulutsa kabati panja pa mthunzi kuti aone bwino, nabenthula chidutswa, naponya m'kamwa.

Kuwawa kwake! Lilime linachita ngati lagwa pamoto, ndipo fungo linakwera m'mphuno ngati la m'munda wa thonje. Anafuna kulavula. Koma atatembenuka anapeza amayi onse asiya mithiko, akuyang'ana. Ndipo kwathu kuno mwamuna salavula pamaso pa apongozi. Anameza malovu, natulutsa kaphulako ndi zala, nakanikiza pabowo. Bowo linasowa ngati silinakhalepo. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe.

"Apongozi," anafuula azakhali aja, "kodi akalipentala mumadya chiyani kumeneko? Tigawireniko!"

"Ndi luso ili, mayi. Si la aliyense."

Anabenthulanso. Kutafuna, kumeza malovu, kukanikiza. Kutafuna, kumeza, kukanikiza. Anadziuza kuti ngati mdala wa mano anayi amapirira kuwawaku tsiku ndi tsiku, iwo angalephere tsiku limodzi?

Nangondo anadutsa ndi ndowa, naima mwadzidzidzi. "Fungo ili ndikulidziwa ine. Mwalitenga kuti phula limeneli? Eni ake mwawafunsa?"

"Kaone thobwa, lingapserere."

Chitseko chakumanzere chinatha, chosalala ngati tsaya la mwana. Poyamba chakumanja thukuta linali litanyowetsa malaya mpaka lamba. Malovu anachuluka osamezeka. Timabowo tinayamba kuoneka tiwiritiwiri, chala n'kumaphonya. M'mimba munapota ngati wina akufinya chovala. Anaganiza zoima, koma anayang'ana dzuwa, naona kuti ngolo yatsala pang'ono kufika. Anabenthulanso.

Anagwa chafufumimba, nkhope m'zopalidwa za matabwa.

Kukuwa kwa Felesiya kunamveka mpaka kunjanji. Che Ndembo, amene ankangofika kuchokera kumzikiti, anathyola mpanda ndi chifuwa. Anaona munthu ali pansi akunjenjemera, thovu kukamwa, naona chitini chawo chili chotsegula, chatsala theka.

"Mayo ine! Achimwene, mwatafuna ili? Ili?"

Nthawi yomweyo ngolo ya akuchimuna inalowa pabwalo, anyamata akuimba nyimbo za ukwati. Nyimbo inafera m'kamwa. Malo amene anayala udzu kuti pagone kabati anagonekapo mwini wake, mutu pamiyendo ya Felesiya, Nangondo ndi Che Ndembo m'mbali. Ng'ombe anazikwapula, koma ng'ombe ndi ng'ombe, ndipo chipatala chinali kutali.

Ali m'njira a Kachingwe anatsegula maso. Anafunafuna mpaka anapeza nkhope ya mnansi wawo.

"Che Ndembo... munaikamo chiyani?"

Nangondo anagwira pakamwa. Chikwatiwire, anali asanamvepo mawu otere kuchokera kwa mwamuna wawo.

"Mankhwala a thonje, achimwene. Ophera fumbwe. Limenelo sitiika m'kamwa. Timatenthetsa pa supuni."

"Pa supuni basi?"

"Basi. Ntchito ya ola limodzi. Ndikanabwera ndi supuni yanga, tikanathandizana."

Mpweya wa a Kachingwe unkalira pakhosi. Kenako anayang'ana mwana wawo. "Chakumanja sichinathe," anatero.

"Zilibe kanthu, ababa. Gonani."

Anamwalira ngolo isanawoloke njanji.

Thobwa la ukwati linamwedwa ndi anthu a pamaliro. Azakhali aja anakhala kumbuyo kwa nyumba masiku onse atatu, osatsegula pakamwa. Ukwati unadikira mpaka atameta, ndipo unachitika mwakachetechete, wopanda ng'oma.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwatiwo uchitike, Che Ndembo anabwera ndi mbaula, supuni ndi kamtengo. Anakhala pabwalo poyera, natsiriza chitseko chakumanja, akunena mokweza chilichonse chimene ankachita, ngakhale panalibe amene anawafunsa. Atatha anayendetsa chala pa mano olumikizira matabwa, limodzilimodzi, nagwedeza mutu.

"Taonani kulumana kwake. Ngakhale tsitsi silingalowe. Munthuyu anali kalipentala, mayi a Felesiya. Chinamusowa ndi funso limodzi."

Mawu amenewo anayenda. Anthu opita kukagula mipando anawamva, okwera sitima anawanyamula, ndipo dzina la Kachingwe linatayika m'njira, n'kutsala lakuti Safunsa. Mpaka lero, munthu akagwira chinthu chimene sakuchidziwa, eni ake ali pafupi, akulu amati: safunsa anadya phula.

Alipo ena amene angakuuzeni kuti mwambiwu ndi wakale kuposa njanji, kuti unayamba ndi mlendo amene anapatsidwa chisa cha njuchi nameza phula, uchi n'kutaya. Iwowo akanene yawo, ine yanga ndi imeneyi. Koma tanthauzo ndi limodzi. Kuonerera si kudziwa ayi. Chinthu chimene eni ake apachika kudenga chili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho sichilembedwa pachitini, chimakhala m'kamwa mwa amene anachipachika. Manyazi a kufunsa amatha dzuwa lisanalowe, anzako akaseka n'kuiwala. Koma pali zolakwa zina zimene sizipereka tsiku lachiwiri. Tsono mukaima pakhomo pa ntchito iliyonse, kaya ya matabwa, kaya ya munda, kaya ya mankhwala, tsegulani pakamwa kuti patuluke funso, musanatsegule kuti palowe chinthu.