Mzere wa pa Thanthwe la a Nang'omba

Padangokhala Mbira, Mbawala ndi Njati, pamodzi ndi sing'anga wawo Nang'omba, m'dambo lina la kuseri kwa phiri. Mbira sanali wobadwira m'dambomo. Anatsika kuphiri chaka chimene moto unapsereza mapanga a kwawo, abale ake n'kubalalika osadziwika kumene analowera. M'dambo lonselo kanyama kakang'ono kanali iye yekha, ndipo amene anamulandira anali Mbawala. Awiriwa ankaswera pansi pa mkuyu, Mbira akati "Ndagi!" Mbawala n'kuyankha "Gize!" udzu uli m'kamwa.

Chaka china kunagwa chifuwa choopsa chimene chinkaumitsa mapapo. Nang'omba, mbalame yosafuna kusintha kalikonse kamene inaphunzira, anaitanitsa nyama zonse pa thanthwe losalala m'mamawa mphepo isanadzuke. Pa thanthwepo panali mzere wakalekale wochita kukanda. Aliyense ankakoka mpweya mpaka nthiti kutanuka, kenako n'kuuzira kathonje kudzera m'bango. Kathonje kakadutsa mzere ndiye kuti mapapo ali bwino, kakalephera mwini wake ankawoloka mtsinje kukakhala yekha kutsidya.

Woyamba anali Njati, mkulu wodzitama, amene anali atangotsokomola kawiri kuseri kwa chitsamba. Anauzira, kathonje n'kudutsa mzere pang'ono chabe.

"Kadutsa! Wina abwere," anatero Nang'omba.

"Apatu ndangopuma, sindinauzire," anatero Njati akuchoka monyang'wa. "Ndikanauzira mukanakatola ku Mozambiki."

Mbawala anauzira, kanadutsa. Nguluwe zinauzira, kanadutsa. Mbira anagwira bango ndi timanja tiwiri, anauzira mpaka maso kuchita mdima, koma kathonje kanagubuduka pang'ono n'kuima kasanafike ndi pakati pomwe. Anayesa katatu, katatu konse kanaima pamalo omwewo.

"Mwana wanga, mapapo ako atha," anatero Nang'omba.

"Koma asing'anga, ine sindikutsokomola. Dzulo lomweli ndimathamangitsana ndi Mbawala mpaka iyeyo kuyamba kupempha madzi."

"Mzere sunama. Anaukanda ndi malemu bambo anga, iwe usanabadwe."

Tsiku lomwelo Mbira anawoloka pa chipika n'kukakhala pa chulu chakutsidya. Masiku oyamba Mbawala ankabwera m'mbali mwa mtsinje, n'kumakuwa "Gize!" mpaka mawu kusasa. Kenako anayamba kudumphitsa masiku. Kenako sanaonekenso.

Mbira ankadzuka, kudya timasamba, n'kukhala pamwamba pa chulu kuyang'ana mkuyu uja uli patali. Ankaona mitambo ikuoneka ngati amayi ake atagona pamwala, n'kumaiyang'ana mpaka itasungunuka. Tsiku lina anafuula yekha, "Ndagi!" Chulu chinangoti zii. Anadikira, kenako anadziyankha ndi mawu aang'ono kuti "Gize," koma ndagiyo sanaiponye, chifukwa yankho ankalidziwa kale.

Ankadzimvetsera kupuma, kufunafuna matenda amene anamuuza aja. Mpweya unkalowa, unkatuluka, osamva kuwawa paliponse. "Kapena odwala onse amamva chonchi," ankaganiza choncho. "Kapena Mbawala watopa nane."

Mwezi utatha Nang'omba anabwera ndi bango lake, kathonje, ndi luzi lotalika ngati kuchokera pouzirira kukafika pa mzere. Mbira anauzira pamwala wa pafupi ndi chulu. Kathonje kanaima pomwe paja.

"Zodabwitsa," anatero Nang'omba akukanda mutu. "Sukuchira, komanso sukufa."

"Asing'anga, ndifunse nawo. Tsiku limene bambo anu ankakanda mzere uja, ankauzira ndani?"

"Nyama zabwinobwino makumi anayi. Mbawala ndi nguluwe, zosatsokomola ngakhale kamodzi."

"Nanga mbira zinalipo zingati?"

Nang'omba anayenda mozungulira chulu kawiri, akung'ung'udza kukhosi.

"Panalibe," anatero pamapeto pake.

M'mawa mwake awiriwa ananyamuka kukafuna mbira zina. Anayenda masiku atatu, mpaka anazipeza paphiri lina zikuothera dzuwa pamiyala. Sizinali za mtundu wa kwawo kwa Mbira, koma fungo lake linali lomwelo, ndipo iye atalimva misozi inalengeza. Nang'omba anapatula zotsokomola ndi zokhala pafupi ndi utsi wa otentha makala, n'kutsala ndi zathanzi makumi atatu, zazimuna ndi zazikazi, zachinyamata ndi zokalamba.

Iliyonse ikauzira, Nang'omba ankaika kadontho ka khala pamene kathonje kaima. Ta zazimuna tinapitirirako pang'ono, ta nkhalamba tinatsalirako, koma timadontho tonse tinaunjikana pamalo amodzi ngati nyerere pa fupa. Luzi lija linangotsala lili tambalale, panalibe ndi imodzi yomwe imene inafika pakati pake. Pomaliza anauzira Mbira, ndipo kathonje kake kanakaima pakatikati pa timadonthoto.

Nkhalamba ina ya mbira inaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo inu, ndi mlomo wonsewo, mumafuna mwanayu auzire ngati nguluwe? Mapapo a nguluwe akawaike pati?" Kenako inatembenukira kwa Mbira. "Iwe khala konkuno. Phanga lilipo, anzako ndi awa."

Mbira anayang'ana miyala yofunda ija nthawi yaitali. "Zikomo amayi," anatero. "Koma kudambo kuli wina amene ndikufuna ndikamufunse chifukwa chake analeka kubwera."

Nang'omba sankamva zimenezi. Anali chiimire, maso ali pa luzi. "Ngati mzere unali wautali kwa iwe," anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti kwa Njati unali waufupi. Njati wathanzi akanakaponyadi kutali. Uja kanangodutsa pang'ono." Anapinda luzi mwachangu. "Tiye, tathamanga!"

Anafika mochedwa. Njati anali atafa masiku awiri apitawo, atamwa padziwe limodzi ndi aliyense mwezi wathunthu, akutsokomolera m'madzi n'kumanena kuti wadutsa mzere. Nang'omba sanadye tsiku limenelo. Anayesa njati zathanzi n'kuzikandira mzere wawo kutali, anakanda wa mbira pafupi, ndipo thanthwe lija linakhala ndi mizere itatu.

Mbira anathamangira kumkuyu, koma anapeza masamba okhaokha. Nguluwe ina inamulozera kutsidya. Mbawala ndiye ankamwa pafupi ndi Njati masiku onse, ndipo chifuwa chinamugwira kalekale, mpaka miyendo kulephera kumufikitsa kumtsinje. Tsopano anali atamuwolotsa, ali gone patsinde pa chulu chomwe chija.

Mbira anatsikira m'mbali mwa madzi, pamene Mbawala ankaima kale. Anakoka mpweya wonse umene mapapo ake aang'ono akanatha kunyamula.

"Ndagi!"

Madzi anayenda. Bango linagwedera. Kenako kutsidya kunamveka kutsokomola, ndi mawu otopa.

"Gize."

"Mlendo wanga amalowa osaodira, amatuluka osatsanzika, koma sindifuna kuti aleke kubwera."

"Iwenso," anatero Mbawala, akuyesa kuseka. "Ndi mpweya. Ponya ina yovutako."

Mbira anakhala pansi pamchenga n'kuyamba kuganiza ina. Anabwera mawa lake, ndi mkuja wake, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

Phunziro: Usanaweruze kuti mnzako wapelewera, yamba wafunsa kuti muyeso wakowo unatengedwa pa ndani. Muyeso wa ena umathamangitsa wathanzi, n'kusiya wodwala pakati pa anthu.