Atichoki Amene a Mphaka Sanalawe

Kalekale, nyama zikadalankhula, kunali Namphaka ndi mwana wake mmodzi, dzina lake Kamchira. Khalani chete, mumve.

Tsiku lina m'mawa Namphaka anachokera kunkhokwe ali ndi mbewa kukamwa. Anaiika pakhomo, monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kuitana kuti, "Kamchira, dzuka udzadye." Kamchira anatuluka akuyasamula. Anaiponya mbewayo m'mwamba, n'kuiwakha, n'kuiponyanso.

"Chakudya sasewera nacho," anatero mayi wake. Kenako anamunyambita kuseri kwa khutu, kumene kunali phulusa.

Mbewa ija isanadyedwe, anatulukira a Mphaka, bambo a mwanayo. Iwowa anali atakhalitsa kutauni, m'nyumba ya munthu wolemera, ndipo anabwerako ndi kabelu m'khosi. Ankaponda pansi ngati dothi la kwawo lili ndi mphere. Anali atanyamula chinthu chobiriwira, chachikulu ngati chibakera, cha masamba olimba osanjikizana ngati mamba a nsomba, tsamba lililonse lili ndi kaminga kunsonga.

A Mphaka anaona mbewa ija. Anaikankhira kumbali ndi phazi.

"Mwana wanga mukumudyetsabe zimenezi? Za m'fumbi? Kuyambira lero azidya za pa tebulo. Uyu ndi atichoki. Kutauni amadya ndi anthu a nsapato okhaokha."

Namphaka ananunkhiza chinthucho. Sichinanunkhe magazi. Sichinanunkhe mkaka. Chinangonunkha munda.

"Takulandirani, bambo a Kamchira. Koma kodi amphaka amadya zimenezi?"

"Amphaka ozindikira amadya."

"Chabwino. Mwambo mukuudziwa. Wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha. Lawani, mwana adye."

A Mphaka anaseka, kabelu kaja n'kulira. "Ine? Ine pakamwa panga panazolowera kale, mayi. Kulawa kwanga sikungakuuzeni kanthu. Tiitane ena amene sanadyepo. Osati mmodzi, koma atatu. Pamenepo mwambo wanuwo ukhuta."

Namphaka anaganiza kuti atatu amaposa mmodzi. Anavomera.

Anaitana Mbuzi. Mbuziyu ndi yemwe uja anadya malaya a mwini nyumba pachingwe, n'kumalizira ndi sopo.

"Achimwene, tatilawirani ichi," anatero a Mphaka.

Mbuzi sanafunse n'komwe dzina la chinthucho. Anathothola masamba akunja, minga ndi zonse, n'kumatafuna akuyang'ana kumwamba.

"Ndalawa. Sichipha. Chikufanana ndi chipewa cha mlaza, koma chipewa chimakoma kuposa."

"Mwamva?" anatero a Mphaka.

Namphaka anati, "Ndamva. Koma Mbuzi anadya sopo."

Anaitana Nkhumba. Nkhumba anabwera ndi matope mpaka m'makutu.

"Alamu, tatilawirani ichi."

Nkhumba anameza masamba apakati osatafuna. Anamezanso kamwala kamene kanali pambali pake.

"Ndalawa. Sichipha. Chilipo china?"

"Mwamva?" anatero a Mphaka.

Namphaka anati, "Ndamva. Koma Nkhumba wameza ndi mwala womwe."

Apa a Mphaka anakwiya. "Mayi inu, mukufuna wa khosi laling'ono? Tiitane Khoswe."

Khoswe ankakhala kudenga la nyumba yomweyo, ndipo abale ake ambiri anathera m'kamwa mwa Namphaka. Anasuzumira ali pamtanda.

"Mwati nditsike? Pamene pali amayiwo?"

"Tsika, lero palibe akugwire. Tikufuna tidziwe ngati amphaka angasiye nyama n'kumadya masamba."

Khoswe atamva zimenezo anatsika msanga kuposa madzi a mvula. Anaseteka timasamba tam'kati, n'kutsinzina, n'kugwira pamtima.

"Ndalawa. Sichipha. Eee, bwana, chimenechi ndiye chakudya! Ine ndikanakhala mphaka, nyama sindikanaiyang'ananso. Nyama imanunkhitsa m'kamwa. Nyama imafupikitsa moyo. Dyani masamba, inu ndi ana anu ndi zidzukulu zanu!"

Atatero anakwera kudenga, osatembenuka.

"Mwamva?" anatero a Mphaka. "Atatu alawa. Atatu ali moyo. Mukufunanso chiyani, njovu?"

Namphaka anayang'ana Mbuzi. Anali moyo. Anayang'ana Nkhumba. Anali moyo. Anayang'ana kudenga. Mchira wa Khoswe unali kugwedezeka. Mwambo unali utachitika, ndipo katatu konse. Anakhala pansi.

Tsono masamba onse anali atatha. Chimene chinatsala chinali m'kati mwenimweni, ndipo mmenemo munali ubweya wotuwa, wothinana, wolasa ngati timinga ta chitedze.

"Zokoma zimakhala m'kati," anatero a Mphaka. "Kamchira, bwera. Idya ngati mwana wa kutauni."

Kamchira anayang'ana mbewa yake ili m'fumbi. Anayang'ana bambo ake, amene anali asanawaone chibadwire, ndi kabelu kawo kowala. Anafuna kuti amukonde. Analuma kwambiri.

Anatsokomola. Anatsokomolanso. Anakanda pakhosi ndi timapazi take. Namphaka anayesa kuchotsa ubweyawo, koma phazi la mphaka si chala. Anathamangira madzi. Pobwerako anapeza mwana atagona chammbali, kutsokomola kutasiya.

Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu.

Pamaliro panadzaza nyama. Ndipo aliyense anabwera ndi mawu ake.

Mbuzi anati, "Ine ndinalawa, ndipo ndine pano. Chinthucho chilibe mlandu. Mwanayu tsiku lake linangokwana."

Nkhumba anati, "Ine ndinalawa, ndipo ndine pano. Pali wina wamulodza. Kodi zophikaphika ayamba?"

Khoswe sanatsike. Analira ali kudenga, ndipo analira mokweza kuposa onse. "Musataye mtima, amphaka inu! Masamba ndi abwino! Mwanayu anangodya mofulumira. Yesaninso!"

A Mphaka anaimirira kuti afotokoze za imfayo, monga amachitira mwini maliro. Analankhula bwino kwambiri. Anati mwambo wonse unatsatidwa. Anati mboni zilipo zitatu. Anati ana a kumudzi m'mimba mwawo ndi mosazolowera zabwino. Nyama zinagwedeza mitu, n'kumati, "Zoona, zoona."

Namphaka sanalire mokuwa. Anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kutulukamo ndi kachidutswa kamene Kamchira anasiya. Panali pakuonekabe pamene panaluma timano. Anakaika pamapazi pa mwamuna wake.

"Bambo a Kamchira, lawani."

"Mayi, pano ndi pamaliro."

"Ndikudziwa pamene tili. Lawani."

A Mphaka anayang'ana ubweya uja. Kabelu kanayamba kulira kokha.

"Kutauniko munkadya bwanji chimenechi?" anafunsa Namphaka. "Chachiwisi kapena chophika?"

"Amabweretsa m'mbale yoyera."

"Ubweyawu amadya kapena amataya?"

"Amaika pa tebulo, anthu n'kukhala mozungulira."

"Inu muli pati?"

A Mphaka anayang'ana kumbali.

"Inu muli pati, bambo a Kamchira?"

"Pansi pa tebulo."

Panalibe amene anaseka. Mbuzi yekha ndi amene anasiya kubzikula. Aliyense anamvetsa kuti mkulu wa kabeluyo ankangoona mbale ikudutsa m'mwamba. Sanaonepo mmene amasendera. Sanaonepo chimene amataya. Atichoki anali asanamulawepo n'kamodzi komwe.

Namphaka sanawatukwane. Anangoti, "Nyamukani," n'kubwerera kukakhala pafupi ndi mwana wake.

A Mphaka anabwerera kutauni, koma anapeza pansi pa tebulo paja pali mphaka wina. Anayesa kusaka m'tchire, koma kabelu kankachenjeza mbewa zonse. Kuvula sakanatha, chifukwa amene anakamanga ndi anthu. Ankayenda akulira ngwe, ngwe, ngwe, akuonda, mpaka kulirako sikunamvekenso.

Mbuzi akudyabe malaya. Nkhumba akufunsabe ngati chilipo china. Khoswe akuuzabe aliyense womumvera kuti nyama ndi yoipa.

Tsono imvani, inu muli pano. Atichoki analibe poizoni. Mbuzi sananame, Nkhumba sananame, ngakhale Khoswe pa mawu akuti sichipha sananame. Koma khosi la mbuzi si khosi la mphaka, ndipo chimene sichipha mnzako sichinakulonjeze kanthu iwe. Wobweretsa chakudya alawe yekha. Akayamba kukuitanirani mboni, mwana wanu mumuike kumbuyo. Ndipo amene anaonera zinthu pansi pa tebulo asakuphunzitseni kadyedwe.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene anaika mbatata pamoto akaione.

Mpaka lero, mphaka amagwira mbewa m'mawa, n'kubwera nayo pakhomo, n'kuiika pansi. Saidya.