Matope a M'mimba mwa Ndege

Chiharu anali ndi chinthu chimodzi chimene sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake: ndege ya nkhondo imene inamira kuseri kwa chilumba chawo ankaiopa. Ndani akanakhulupirira? Chimalizireni sukulu ankatsikirako ndi thanki ya mpweya kumsana, kuperekeza alendo a malume ake, a Seisho. Kungoti ankasambira mofatsa ngati wolowa m'nyumba ya maliro, mpaka mchimwene wake Noboru anamutcha Kamba.

Namondwe atangodutsa, Noboru analawirira kukweza matanki m'boti.

"Mphwanga, taleka," anatero a Seisho. "Madziwa angoyera pamwamba. M'mimba mwa ndegemo muli matope okhaokha."

"Amalume, nyanjayi ndinabadwiramo ine. Mphepo ija iyenera kuti yatsegula chitseko cha kumutu, ndipo mpando wa woyendetsa ndiyamba kuuona ndine. Kamba, ukubwera kapena ukuikira mazira?"

Mawu awo atagwa pamwala, a Seisho anangokwera nawo n'kugwira chiwongolero. Atafika, Chiharu anathira m'madzi kamowa ka mpunga, kopepesera anyamata amene anafera m'ndegemo. Noboru anali atadumpha kale.

Chiharu anamutsatira, ndipo onse awiri analowera pabowo la m'nthiti mwa ndegeyo. Noboru, mtima uli pa mpando uja, anapalasa mwamphamvu ndi zipsepse zake za mphira. Matope anadzuka ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Tochi inasanduka chabe, bowo lija osaonekanso. Chiharu anangomva thanki ya mchimwene wake ikugunda zitsulo uku ndi uku, thovu likuchita phokoso. Munthu wopuma chotero mpweya suchedwa kumuthera.

Anapapasa, nagwira mwendo, n'kuukakamira. Noboru anamuponda paphewa. Sanataye. Anamupondanso. Apo mtsikanayo anamukumbatira m'chiuno, miyendo yake atakolekera pachitsulo, n'kungoti chete. Anaumirira: pano sitisuntha.

Anadikira. Pang'onopang'ono matope anatopa n'kugona, ndipo chakumanzere kunaoneka kakuwala kobiriwira, kochepa ngati kachibowo ka singano. Anatulukira pomwepo, muvi wa choyezera mpweya cha Noboru utafika pofiira, posonyeza kuti mpweya watsala pang'ono kutha.

M'boti Noboru anatsokomola, n'kuyesa kuseka.

"Kamba uyu akanandipha. Ndikanapeza ndekha khomo. Mantha basi!"

Chiharu, amene kawirikawiri ankayankhula atayang'ana kuphazi, anavula magalasi osambirira n'kumuyang'ana m'maso.

"Eya, achimwene, ndimaiopa. Kuyambira tsiku loyamba ndimaiopa, ndipo sindileka. Mantha angawo ndi amene mukupumira panopa. Mawa mukafuna kupalasanso, mupite nokha."

A Seisho anaponyera Noboru thaulo kumaso, naliza injini.

Khomo linali pomwepo nthawi yonseyo, likungodikira kuti matope agone. Kuona maso a nkhono n'kudekha.